Khomo la 30000

Achemwali anga atamwalira, ana awo atatu anagawidwa, chifukwa panalibe nyumba imodzi yoti ingathe kuwasunga onse. Wamkulu, mnyamata wa Fomu 2, anapita ku Lizulu kwa abale a bambo ake. Wachiwiri, mtsikana, anamutenga mlongo wathu wina wa ku Lilongwe. Wamng'ono anatsala ndi ine pa Dedza boma pano, poti ndi amene anali atazolowera kale kugona kwathu. Ine ndine malume wawo, ndipo tsiku lometa akuluakulu anandiuza poyera kuti mbumba iyi isabalalike m'manja mwanga. Ndinavomera, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndalama ya minibasi yoti anawa azionana mwezi ndi mwezi ndinalibe.

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni pafupi ndi msika. Kusintha sikilini, kuwotcherera pochajira, kuumitsa foni yogwera m'ndowa, zimenezo ndimazichita tsiku ndi tsiku. Za netiweki ndinkangodziwa pamwambamwamba. Zomwe ndalemba apa ndi za masabata asanu omwe ndinalimbana ndi laputopu yakale kuti ana atatuwa azikumana madzulo m'gemu imodzi, aliyense ali kwawo. Ndalemba mwatsatanetsatane dala, chifukwa malangizo ambiri omwe ndinapeza pa YouTube analembedwera anthu okhala ndi intaneti ya waya yofika m'nyumba, pamene ife timadalira simu khadi ndi nsanja ya paphiri.

Anawa ankafuna Minecraft, yomwe ankaionera m'mavidiyo mayi awo akadali moyo. Koma Minecraft ndi yogula, ndipo amagula ndi madola. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu chilichonse cholipira kunja chinakhala cholemera kwa munthu ngati ine, ndiye pano tikunena za mafoni atatu. Ndinapeza gemu ina yofanana nayo, yaulere, yotchedwa Luanti. Anaiyambitsa Perttu Ahola wa ku Finland mu 2010 ndi dzina loti Minetest, ndipo dzinalo linasinthidwa mu 2024. Imagwira pa Android ngakhale pa foni yotsika mtengo, ndipo mkati mwake mumaikidwa gemu yotchedwa VoxeLibre yomwe kumanga kwake, ziweto zake ndi migodi yake n'zofanana ndi zomwe anawa ankafuna. Kuti osewera akumane pamafunika seva, kompyuta yosunga dziko la gemuyo yomwe onse amalumikizako. Ma seva a anthu ena alipo ambiri, ongolowa basi. Sindinawafune. Mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri woti wangotaya mayi ake sindingamusiye usiku pabwalo la anthu osawadziwa, olankhula zomwe ine sindikumva. Ndinkafuna malo athu, oti wolowamo ndimudziwe ndi dzina.

Kuyambitsa seva sikunavute. Pa laputopu umatsegula Luanti, kusankha dziko lomwe wapanga, kuchonga pomwe palembedwa Host Server, ndipo pambali pamaoneka nambala 30000. Nambala imeneyo amati port. Adiresi ya IP ndiyo imaloza nyumba, port ndiye khomo la nyumbayo lomwe mlendo agogode. Ndinadina, dziko linatseguka, ndinayendamo pang'ono, kenaka ndinaimbira wa ku Lizulu ndili ndi chimwemwe. Ndinamuwerengera manambala omwe ndinawaona pa laputopu, 192.168.8 ndi ena otsatira. Anadikira, ine ndikumva phokoso la magalimoto a pa M1 kumbuyo kwake.

"Amalume, yalemba kuti Connection timed out."

Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri m'masabata otsatira, ndipo vuto lake ndi loti sakuuza kanthu. Amangotanthauza kuti foni yagogoda koma palibe wayankha. Kaya yagogoda nyumba yolakwika, kaya mlonda waibweza pachipata, kaya mwini nyumba wagona, uthenga wake ndi womwewo.

Masiku awiri oyamba ndinawataya posintha zinthu zambiri nthawi imodzi: kuzimitsa rauta (kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba), kuchotsa gemu n'kuiikanso, kusintha port, kusintha dzina la dziko. Chinandibweza panjira ndi ntchito yanga yomwe. Foni ikabwera yosayaka, sindiyamba ndi kuzula IC, kachipangizo kakang'ono ka pa bodi ya foni. Ndimayeza batire kaye, kenaka pochajira, kenaka njira za pa bodi, kuchokera pafupi kupita patali, ndipo ndimasintha chinthu chimodzi ndisanayesenso. Seva nayo ndinaiyesa chimodzimodzi, magawo atatu: pa laputopu pomwepo, m'nyumba mwathu, kenaka kunja kwa nyumba.

Gawo loyamba ndi lachangu. Utsegule Luanti kachiwiri pa laputopu yomweyo n'kulowa ndi adiresi ya 127.0.0.1, yomwe pa kompyuta iliyonse imatanthauza kompyuta yomweyo. Ndinalowa. Ndiye kuti seva ili moyo.

Gawo lachiwiri ndinatenga foni yanga, yolumikizidwa ku Wi-Fi ya m'nyumba, n'kulemba adiresi ya laputopu ija. Inakana. Foni ndi laputopu zili patebulo limodzi, koma sizikumvana. Apa wolakwa anali firewall ya Windows, mlonda wa pachipata, ndipo ndinali nditamulangiza molakwika ine mwini kawiri. Koyamba, tsiku lomwe ndinalumikiza laputopu ku rauta, Windows inaitenga netiwekiyo ngati Public, ya pagulu ngati ya m'malo odyera, pamene chilolezo chomwe ndinapereka kwa Luanti chinali cha Private chokha. Kachiwiri, nditapanga lamulo lotsegula port 30000, ndinasankha TCP chifukwa ndi imene inali yochongedwa kale. Luanti siyenda pa TCP, imayenda pa UDP. Njira ziwirizi n'zosiyana: TCP imatsimikizira kuti phukusi lililonse lafika ndipo imabwereza lotayika, pamene UDP imangoponya osadikira yankho, n'chifukwa chake magemu ambiri amaikonda. Khomo la 30000 la TCP ndi khomo la 30000 la UDP ndi makomo awiri osiyana ngakhale nambala ili imodzi. Amene mukuyendetsa Minecraft muonetsetse pomwepa: ya Java imagwiritsa ntchito 25565 pa TCP, ya Bedrock, yomwe ili m'mafoni, 19132 pa UDP. Nditasintha netiweki kukhala Private ndi lamulo kukhala la UDP, foni yanga inalowa nthawi yomweyo. Wamng'ono uja anasewera mpaka tulo tinamugwira pampando.

Mawa lake inakananso. Usiku magetsi anali atathima, rauta inazima, ndipo itayakanso inagawa maadiresi mwatsopano, woyamba kulumikiza n'kulandira nambala yoyamba. Laputopu inapatsidwa nambala ina. Ukalemba ipconfig mu Command Prompt umaona adiresi yomwe uli nayo pa mzere wa IPv4 Address, ndipo yanga inali itasuntha ndi nambala ziwiri. Mankhwala ake ali m'rauta momwemo, pa gawo logawa maadiresi lotchedwa DHCP, pomwe umamangirira adiresi imodzi ku MAC, nambala yozindikirira laputopu pa netiweki, kuti isamasinthe. Rauta yako ikakhala yopanda malo amenewo, adiresi yokhazikika umailemba m'masetingi a Windows.

Kufika apa ndinali nditamvetsa chifukwa chomwe wa ku Lizulu analepherera tsiku loyamba. Maadiresi oyamba ndi 192.168 ndi a m'nyumba. Nyumba iliyonse yokhala ndi rauta ili nawo ofanana, monga mmene nyumba iliyonse ilili ndi chipinda cha ana. Kuuza munthu wa ku Lizulu kuti abwere ku chipinda cha ana sikumuuza mudzi. Zomwe mavidiyo onse amanena ndi zoti upeze adiresi yako ya kunja, n'kuuza rauta kuti aliyense wogogoda pa 30000 imulondolere ku laputopu. Amati port forwarding, ndipo pa rauta yanga zinalembedwa kuti Virtual Server. Ndinalowa pa 192.168.8.1, ndinalemba zonse bwinobwino, UDP ulendo uno osaiwala. Ndinafunsa Google adiresi yanga ya kunja n'kuitumiza kwa ana onse awiri pa WhatsApp. Onse awiri anandibwezera chithunzi cha mawu omwe aja.

Sabata yathunthu inathera pamenepa, ndipo zinthu ziwiri zinandisocheretsa. Choyamba ndi masamba a pa intaneti oyeza ngati port ili yotsegula. Ambiri amayeza TCP yokha, ndiye amakuuza kuti patsekedwa ngakhale UDP ili yotsegula. Yankho lawo silikuuza kanthu za Luanti. Chachiwiri ndi kuyesa adiresi ya kunja uli mkati mwa Wi-Fi yako yomwe. Ma rauta ambiri salola kutuluka n'kulowanso pakhomo lomwelo, choncho kulephera kwake sikutsimikizira chilichonse. Kuyesa koona ndi kuzimitsa Wi-Fi pa foni n'kulowa ndi data ya simu khadi, ngati mlendo weniweni. Ndinatero, ndipo inakanabe.

Usiku wina wa mu Juni, chifunga chitatsika m'phiri mpaka kuphimba magetsi a mumsewu, ndinakhala ndi bulangete pamapewa ndikuwerenga tsamba lililonse la rautayo. Pa tsamba la chidziwitso cha chipangizo panali mzere woti WAN IP Address, kutanthauza adiresi ya kunja ya rautayo, ndipo nambala yake inayamba ndi 100.72. Nambala yomwe Google inandipatsa inali ina kotheratu. Zikanakhala kuti nyumba yanga ili ndi adiresi yakeyake, manambala awiriwa akanafanana. Kusiyana kwawo kunatanthauza kuti pakati pa rauta yanga ndi intaneti pali rauta ina yaikulu, ya kampani, yomwe ine sindingaikhudze.

Chimenechi amachitcha CGNAT, ndipo kwa ife a simu khadi ndiye mutu wa nkhani yonse. Maadiresi akale a intaneti, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ochepa kuposa anthu a padziko. Nkhokwe yaikulu ya maadiresiwa inatha mu Febuluwale 2011, ndipo zotsala zinali m'manja mwa mabungwe a zigawo. La kuno ku Africa ndi AFRINIC, lomwe likulu lake lili ku Mauritius. Poti maadiresi sakwanira, makampani a mafoni amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi. Mu 2012 anapatula ngakhale chigawo chapadera cha ntchito imeneyi, kuyambira 100.64 mpaka 100.127. Ukaona WAN ya rauta yako ili m'chigawo chimenecho, kapena ikuyamba ndi 10, dziwa kuti port forwarding siikuthandiza, ngakhale uilembe molondola chotani.

Ndinazimvetsa bwino nditakumbukira za makalata kwathu ku Bembeke tili ana. Mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi la sukulu. Ahedi ankabwera nawo kuchokera ku positi, n'kuitana mayina pa asembule, ife n'kukapereka kwa makolo. Bokosi linali limodzi, mabanja mazana. CGNAT ili choncho, koma kalaliki wake ndi wokhwima kuposa ahedi. Iye ali ndi buku. Ukatumiza kalata kunja, amalemba kuti wakuti walembera uje, ndipo yankho likabwera amayang'ana m'bukumo n'kukupatsa. N'chifukwa chake Facebook ndi YouTube zimagwira popanda vuto: woyamba kulankhula ndiwe. Koma kalata yochokera kwa munthu yemwe sunamulembere, yongolembedwa nambala ya bokosi ndi khomo la 30000, kalalikiyo sadziwa mwini wake pakati pa anthu onsewo, ndipo amaitaya. Ine ndinali nditalangiza bwino mwana wa pakhomo panga kuti kalata ikafika apite nayo kuchipinda chakuti, pamene kalatayo inkafera ku ofesi ya sukulu.

Ndinakhala chete nthawi yaitali usiku umenewo. Zinandipweteka kuzindikira kuti pa intaneti yomwe timalipira mwezi ndi mwezi tili ngati alendi ololedwa kupita kukacheza kwa ena koma osaloledwa kulandira alendo. Sindikuimba mlandu munthu. Maadiresi anathadi, ndipo omwe anayamba kugawana anali maiko omwe intaneti inafika msanga. Koma zotsatira zake n'zoti mwana wa ku Dedza amakula akudziwa intaneti ngati malo okaonera zinthu za ena, osati malo oti angaikepo chake. Maadiresi atsopano a IPv6 ndi ochuluka moti chipangizo chilichonse chingakhale ndi yake, ndipo Luanti imawadziwa, koma rauta yanga sinaonetse adiresi yotero. Ndinafunsa ngati ndingapatsidwe adiresi yangayanga ya IPv4, ndipo ndinamva kuti zimenezo zimapezeka pa mapulani a mabizinesi, pa mtengo woposa mphamvu zanga. Kubwereka seva kunja kwa dziko n'kothekanso, koma tabwereranso ku madola.

Njira yomwe inatitulutsa ndi pulogalamu yotchedwa ZeroTier. Ilipo inanso yofanana nayo, Tailscale, koma ine ndinasankha yoyambayi chifukwa mwana safunika kutsegula akaunti. Ndinapanga netiweki pa tsamba lawo, inandipatsa nambala ya zilembo 16, ndipo aliyense woika ZeroTier pa foni n'kulemba nambalayo amaoneka pa mndandanda wanga akudikira chilolezo. Ndikamuchonga, amalandira adiresi yatsopano, ndipo zipangizo zonse zimaonana ngati zili pa Wi-Fi imodzi. Mmene imadutsira kwa akalaliki aja n'zochititsa chidwi. Mafoni awiri, lililonse kuseri kwa bokosi lake, amayamba alankhula ndi mkhalapakati wa kunja, yemwe amauza aliyense adiresi ya mnzake. Kenaka onse awiri amatumizirana kalata nthawi imodzi. Kalaliki wa uku amalemba m'buku kuti munthu wake walembera uje, wa uko nayenso chimodzimodzi, ndipo kalata iliyonse ikafika imaoneka ngati yankho. Njira yatseguka popanda wina kuthyola chitseko.

Nditaika ZeroTier pa laputopu, Windows inaiona ngati netiweki yatsopano n'kuiikanso pa Public, ndiye mlonda uja anayambanso kubweza alendo. Ulendo uno sizinanditengere mphindi khumi, chifukwa ndinayambira pafupi monga kale. Wa ku Lilongwe, yemwe kwawo kuli Wi-Fi, analowa madzulo omwewo. Ndinamva kukuwa kwa wamng'ono kuchokera kuchipinda: "Amalume, achemwali abwera! Aima pamtengo apo!" Anali asanaonane miyezi inayi. Pa sikilini panali kamunthu ka mabokosi kongodumphadumpha pamalo amodzi, ndipo mwanayo ankakayankhula mokweza ngati kakumva.

Port forwarding ija ndinaichotsa tsiku lomwelo. Inali yosagwira ntchito, komanso laputopuyi ili pa Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, choncho sindifuna khomo lililonse loyang'ana kumsewu. Mu fayilo ya masetingi, minetest.conf, ndinaonetsetsa kuti server_announce ili pa false kuti seva isalembedwe pa mndandanda wa dziko lonse, ndipo mwana aliyense ali ndi pasiwedi yake.

Wa ku Lizulu ndiye anatsala, ndipo mavuto ake sanali a seva ayi. Anali a foni yake ndi malo omwe akukhala, ndipo anabwera motsatizana ngati mikanda. Loyamba linali bandulo. Ankandiuza kuti data ali nayo, umboni wake n'kuti tikulemberana pa WhatsApp. Koma inali bandulo ya WhatsApp yokha, yotsika mtengo ija, yomwe siilola china chilichonse kudutsa. Gemu ndi ZeroTier zimafuna bandulo ya intaneti yonse. Lachiwiri linali pulogalamu ina ya VPN yomwe anzake anamuikira pomulonjeza intaneti yaulere. VPN ndi pulogalamu yodutsitsa data ya foni m'njira yakeyake, ndipo pa foni ZeroTier nayo imagwira ntchito ngati VPN. Android imalola VPN imodzi yokha pa nthawi, ndiye ya anzake ija ikayaka ZeroTier inkazima mwakachetechete. Lachitatu, Luanti yomwe anali nayo analandira kwa mnzake pa Xender, yakale, dzina likadali Minetest, ndipo inkakana kugwirizana ndi seva yatsopano. Zonsezi tinazikonza pa foni, ine ndikumuuza podina. Koma panali lachinayi lomwe silinkamveka: masiku ena ankalowa, masiku ena foni inkaonetsa netiweki yodzadza koma data osayenda n'komwe.

Ndinatseka shopu tsiku lina, laputopu m'chikwama, n'kukwera minibasi. Amene mumadutsa pa Lizulu mukudziwa kuti m'chigawo chimenecho msewu wa M1 umayenda m'malire enieni: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, kabichi ndi mbatata ya kachewere zili mulumulu mbali zonse ziwiri. Nyumba yomwe mnyamatayu akukhala ili kumunsi pang'ono, ndipo nditatenga foni yake ndinaona kachilembo ka R pamwamba pa mizere ya netiweki. Foniyo inkagwira nsanja ya tsidya lina ikaona kuti ndiyo yamphamvu, ndipo poti data ya kunja kwa dziko inali yotseka, inkangokhala ndi mizere yopanda ntchito. Ndinalowa m'masetingi, kuzimitsa kusankha netiweki kwa yokha, n'kuisankhira ya kwathu ndi dzanja. Ndinachotsanso ZeroTier pa mndandanda wa mapulogalamu omwe foni imawapha posunga batire, chifukwa mafoni ambiri omwe ndimakonza amachita zimenezo sikilini ikangozima.

Laputopu ndinainyamula pa chifukwa china. Munthu akamalowa koyamba, seva imamutumizira zithunzi ndi mawu onse a gemuyo, ndipo pa netiweki yofooka ankaima pa mzere wa Media mpaka kudulidwa. Zinthuzi zikatsika kamodzi zimasungidwa m'foni. Ndinayatsa hotspot pa foni yanga, kulumikiza laputopu ndi foni yake pomwepo, ndipo zonse zinatsika m'kanthawi kochepa osadya data yake. Azakhali ake anatiphikira nsima ya ndiwo za mpiru, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati zimenezi sizimulepheretsa mwana kuwerenga. Funso lawo linali loyenera. Tinagwirizana kuti seva izitsegulidwa Lachisanu ndi Loweruka madzulo okha, ndipo nthawi ya mayeso izikhala yotseka. Ubwino wa seva ya pakhomo ndi umenewo: kiyi ali ndi ine.

Vuto limodzi silinathe mpaka lero, ndipo ndi la kuchedwa. Ndikalemba zerotier-cli peers pa laputopu, mzere wa mwana aliyense umaonetsa DIRECT kapena RELAY. Wa ku Lilongwe nthawi zambiri amakhala pa DIRECT. Wa ku Lizulu masiku ena amagwera pa RELAY, kutanthauza kuti njira ya makalata awiri ija yakanika, chifukwa akalaliki ena amasintha nambala ya khomo pa kalata iliyonse, ndipo tonse awiri tili kuseri kwa otero. Zikatero uthenga umadzera kwa mkhalapakati kunja kwa dziko. Malawi alibe nyanja yamchere, intaneti yathu imatuluka pa mawaya odutsa m'maiko oyandikana nawo kukalumikizana ndi mawaya a pansi pa nyanja, ndipo kuwala m'waya wotero kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Liwiro limenelo ndi lalikulu, koma mtunda nawo ndi wautali, ndipo panjira pali zipangizo zambiri zoimitsa. Mawu ochoka pa Lizulu kubwera pa Dedza, ulendo wosakwana ola pa minibasi, amayamba awoloka nyanja kenaka n'kubwerera. Mu Luanti ukadina F5 umaona nambala ya RTT, nthawi ya ulendo wopita ndi kubwera, ndipo masiku oterowo mnyamatayu amakumba mwala, mwalawo n'kubwereranso pamalo pake asanautole.

Sindingathe kufupikitsa nyanja, koma ndinachepetsa katundu. Ndinatsitsa max_block_send_distance kuti seva isamatumize dziko lakutali lomwe munthu sakuliyang'ana, ndipo pa foni yake tinachepetsa mtunda woonera. Rauta ndinaichotsa pansi pa tebulo n'kuiika pazenera loyang'ana kunsanja, chifukwa chomwe chimachepa pa intaneti ya simu khadi ndi mphamvu yotumiza, ndipo seva ntchito yake ndi kutumiza. Chachikulu, ndinazimitsa kuvulala m'gemumo. Poyamba zilombo zinkamupha mnyamatayu asanazione n'komwe, iye n'kukwiya, ang'ono ake n'kumuseka, macheza n'kuthera m'kukangana. Ndinaona kuti sindinavutike masabata asanu kuti ana amasiye azikwiyitsana. Popanda zilombo zowapha, kuchedwa kwa theka la sekondi sikupweteka munthu, ndipo chomwe chimatsala ndi kumanga.

Za magetsi ndingonena mwachidule. Batire ya laputopu imapirira pafupifupi maola awiri, ndipo rauta ndinaipezera chingwe choiyatsira ndi pawabanki, ndiye magetsi akathima ana sadziwa n'komwe. Kamodzi seva inkasowa usiku uliwonse pa nthawi yofanana, mpaka ndinazindikira kuti mayi a kunyumba ankatseka laputopu poyala tebulo, iyo n'kugona. M'masetingi a mphamvu muli posankha kuti ikatsekedwa isachite kanthu. Pano imakhala pamwamba pa kabati ya mbale. Lamlungu lililonse m'mawa ndimakopera foda ya dzikolo pa flashi, makamaka fayilo ya map.sqlite, chifukwa zonse zomwe amanga zili mmenemo, ndipo hadi disiki ya zaka zambiri chonchi siipereka chenjezo.

Zomwe akumanga sindinawauze ndine. Loweruka lina ndinasuzumira pa foni ya wamng'ono n'kuona khonde lalitali, masitepe atatu, ndi mtengo kumbali. Inali nyumba ya mayi awo ku Bembeke. Wamkulu ndiye amayala maziko ndi kuwerenga mabokosi, mtsikana amasankha mitundu ya zipupa, wamng'ono ntchito yake ndi kusaka nkhuku n'kuzilowetsa m'khola, ngakhale zimathawa. M'gemumo mulibe mtengo wa mapichesi, ndiye anadzala wa maapozi pamalo pake, atakangana madzulo athunthu ngati unali pafupi ndi bafa kapena ndi chitsime.

Sabata yatha mtsikana anandiimbira, osati kulemba, kuimba.

"Amalume, nkhokwe ija inali kumanja kwa khitchini kapena kumanzere? Achimwene akuti kumanja."

Ndinatseka maso kuti ndione bwino. Ndinamuuza kuti ukatuluka pakhomo lakumbuyo inali kumanzere, koma achimwene akewo sakunama, chifukwa chaka chomwe chiswe chinadya mitengo yake, mayi awo anaimangitsanso kumanja, mtsikanayo akadali khanda la kumbuyo. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati amanga ziwiri zonse. Nditapita kukayang'ana pa laputopu, mzere wa wa ku Lizulu unali pa RELAY, ndipo kamunthu kake kankayenda modukizadukiza kuchokera kumtsinje, kakusenza udzu wofolerera nkhokwe yachiwiri.